Mtengo wa Masau Umene Inabzala Mbuzi

Senderani kuno, adzukulu anga, khalani pamphasa pompano. Amene manja ake alibe ntchito atenge lichero azisankha masauwa, ovunda azitaya uko, abwino aziika muno. Ine ndikufuna makutu okha. Mwakhala mukundifunsa chifukwa chake msau wa kuseri kwa nyumba uli ndi mathunthu ambiri otuluka pa chitsa chimodzi, pamene misau ina yonse ili ndi thunthu limodzi. Lero ndikuuzani, poti amene anaziona ndi maso ndatsala ndekha.

Ine ndinabadwira konkuno kwa Tengani, masiku amene sitima za pamadzi zinkakwera Shire zikufuka utsi, ife ana n'kumazithamangira m'mphepete mwa bango. Mudzi uno ndi wa amayi anga. Bambo anga sanali a kuno. Anali Msena wa kutsidya, ku dziko la Apwitikizi, ndipo anathawa kwawo akadali mnyamata chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi chikoti. Anawoloka ndi nsalu ya m'chiuno yokha. Atakwatira amayi anakhala pachikamwini, monga timachitira ife Amang'anja: mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ndipo woyang'anira mbumba ndi mlongo wake wa mkaziyo. Kwathu woyang'anira mbumba anali atsibweni, achimwene awo a amayi.

Musaganize kuti atsibweni anali munthu woipa. Anali wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo chimene ankakonda padziko pano ndi mbuzi zawo. Panali imodzi yaikazi, yamawangamawanga, imene ankacheza nayo kuposa mmene ankachezera ndi anthu. Bambo anali wamtali, waluso pa mwadiya, ndilo bwato m'chilankhulo chawo, ndiponso poluka mono. Ankalima kudimba, ankalima mapira ndi mchewere kumtunda, ankalimanso thonje limene azungu ankafuna. Chimang'anja ankachilankhula ndi lilime la Chisena, amayi a m'mudzi n'kumawaseka, iwo n'kumaseka nawo. Sindinawamvepo akukweza mawu pamudzi pano. Ankadziwa kuti pamene apondapo si pawo.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, ine nditayamba kumene kusenza kamtsuko kumadzi, kunafika munthu wa mwadiya wochokera kutsidya. Anatula dengu lophimba ndi mlaza pakhomo pathu, nayamba kulankhula ndi bambo m'Chisena, motsitsa mawu. Ndinangoona bambo akukhala pansi pa dothi, pamene panalibe mphasa. Mayi awo anali atamwalira, ataikidwa kale, ndipo mudzi wa kwawo unali kubalalika, aliyense akuthawira kwake. Asanatsirizike, mayiwo anauza anthu kuti atole masau a mtengo wa pakhomo pawo, awaumitse, atumize kwa mwana wawo. Dengu lija linali zimenezo.

Masau tinali nawo kuno, kuthengo, koma aang'onoang'ono, achikasu, njere yokhayokha. Aja anali ena. Anali ofiira ngati magazi a nkhuku, aakulu ngati nsonga ya chala chachikulu, ndipo ngakhale anali ouma, mnofu unalipo. Ukaluma limodzi, masaya ankakoka kaye ndi kuwawasa, kutsekemera n'kubwera pambuyo.

Amayi anatapa ena n'kuwathira mumtondo. Masau sasinjidwa ngati chimanga, mukumva? Umagunda pang'onopang'ono, kuti mnofu usiyane ndi njere koma njere isasweke, chifukwa ikasweka phala limachita mchenga. Kenaka umawaviika m'madzi ofunda, n'kumafikisa ndi manja mpaka madzi afiire, n'kusefa pa kadengu. Madzi amenewo ndiwo umaika pamoto, akayamba kulira n'kuwaza ufa wa mapira, uku ukutakasa osapumira. Phala lake limatuluka lofiirira, silifuna mchere, silifuna uchi. Tsiku limenelo bambo anamwa chikho chimodzi chokha. Atatha anapita pamtondo, nayamba kutola njere zonse, ngakhale zimene zinagwera m'fumbi. Ine ndinali ndi imodzi m'kamwa ndikuyamwa. Ananditambasulira dzanja nati, "Lavula apa, mwananga."

M'mawa mwake anapita kwa atsibweni. Ine ndinawatsatira, poti mwana wamng'ono palibe amamuthamangitsa. Ananjuta chapatali, naomba m'manja.

"Alamu, ndabwera ndi pempho. Ndifuna ndibzale njerezi kuseri kwa nyumba."

Atsibweni anali akuchotsa nkhupakupa m'khutu la mbuzi yawo ija. Sanatukule mutu msanga. "Maungu bzalani, alamu. Mapira bzalani. Thonje la azungu bzalani mpaka msana uthyoke. Zonsezo zimafa chaka chomwecho. Koma mtengo ayi."

"Ndi muti wa mama," anatero bambo, Chisena chikutulukira chokha. "Sindinawaike m'manda. Ndilibe china chawo."

"Ndamva, ndipo pepani ndi maliro. Koma mtengo umakhalitsa kuposa ukwati. Kwanu kuja ana ndi a mwamuna. Lero mudzati mtengo wanga, mawa mudzati dothi lili pansi pa mtengo, mkuja mudzati mwana amene akusewera pamthunzi wakeyo. Mkamwini sabzala mtengo. Sindinayambe ndine."

Bambo anaombanso m'manja nati, "Takhuta," ndiko kuthokoza kwa kwawo. Njere zija anakaziponya mu Shire, kuti pasadzakhale wonena kuti anazibisa.

Koma m'dengu munali mutatsala masau osasinja, ndipo dengu linali m'manja mwa amayi. Amayi anga anali munthu wosakangana ndi mlongo wawo pamaso, koma akafuna chinthu ankachizungulira mpaka achipeze. Patapita masiku anapita kwa atsibweni nati, "Achimwene, kuseri kwa nyumba yanga kwawirira, njoka zatisowetsa mtendere. Ndibwerekeni mbuzi yanu ija idyeko zitsamba." Atsibweni anavomera, nawachenjeza kuti asaiiwale padzuwa.

Amayi anakhoma chikhomo kuseri, namangirira mbuzi. M'mawa uliwonse ankatapa masau aja m'lichero n'kuiikira. Inu mukudziwa mmene mbuzi imachitira: imameza, kenaka ikagona pansi n'kumabzikula, njere imalavula, zina n'kutuluka ndi ndowe. Njere yodutsa m'mimba mwa mbuzi imamera msanga kuposa yobzala munthu. Bambo atapeza zimenezi anaima kakasi.

"Make mwana, chakudya cha mama ukupatsa mbuzi?"

"Inu khalani chete," anatero amayi. "Alamu anu anati inu musabzale. Za mbuzi sananenepo kanthu."

Mvula itagwa, pamalo paja panamera timitengo tambiri. Tina nkhuku zinafukula, tina tinapsa ndi dzuwa, koma kamodzi kanalimba, kali ndi masamba obiriwira pamwamba, otuwa kunsi, ndi timinga tokhota ngati mbedza. Atsibweni sanachedwe kumva. Anabwera ndi ndodo yawo, naima pamwamba pake.

"Wabzala ndani?"

"Funsani mbuzi yanu," anatero amayi, uku akupeta. "Ndiyo inkagona pamenepo."

Atsibweni anayang'ana chikhomo, anayang'ana ndowe zouma, anayang'ana amayi. Anasekera m'mphuno. Kwathu kuno mtengo wa zipatso womera wokha pakhomo sitiuzula, timati waperekedwa. Iwo ankadziwa zimenezo, amayinso ankadziwa kuti akudziwa.

"Chabwino, ndi wa mbuzi," anatero. "Ndiye alamu asaukhudze. Asauthirire, asautchingire, asathyolepo ngakhale tsamba. Ndipo umve, mlongo wanga: tsiku limene ndidzamve pakamwa pa munthu kuti mtengowu ndi wawo, ndidzabwera ndi nkhwangwa."

Kuyambira pamenepo bambo sanaukhudze mtengo uja, ngakhale atsibweni atapita kutali. Sanali munthu wolonjeza masana n'kuswa mseri. Chimene ankachita ndi ichi. Ankakhala kuseri komweko akuluka mono, msana atalozetsa ku mtengo, n'kumalankhula ndi nkhuku.

"Nkhuku inu, ndikadakhala ine, ndikadatchinga ndi minga mbali ya kumadzi, chifukwa mbuzi zimatulukira kumeneko."

Amayi ankandiyang'ana, ine n'kuthamanga kukadula minga.

Tsiku lina ndinabwera ndi kamtsuko kanga n'kukhuthulira madzi onse patsinde, monga ndinkachitira tsiku ndi tsiku. Ndinamva bambo akuuza tambala kuti, "Madzi ambiri nkhabe, safunika. Msau sukonda kunyowa mapazi. Pali munthu wina pano afuna kuumiza." Amayi anaseka mpaka anagwetsa mthiko. Ndi nkhuku zomwezo zimene zinamva kuti nthambi za pansi zidulidwe kuti mtengo ukwere, ndiponso kuti phulusa lithiridwe mozungulira chifukwa cha chiswe. Zonse zimene ndikudziwa za msau ndinazimva zikuuzidwa nkhuku.

Iwe, ndakuona. Ndati usankhe, sindinati udye.

Zaka zinapita, mtengo unafika pa denga. Ine ndinali nditasinkhuka, ndikusinja ndekha. Chaka chimenecho, mvula ikupita kumapeto, unachita maluwa koyamba, timaluwa tating'ono tosaoneka bwino, tafungo loitana ntchentche. Bambo ankadutsa pafupi n'kumakoka mpweya.

Ndi chaka chomwecho chimene nkhondo ya azungu inafuna anthu. Inkamenyedwa kutali kumpoto, koma katundu wake ankafuna mitu ya anthu akuda kuti imusenze. Amesinjala a boma anayenda mudzi ndi mudzi, mudzi uliwonse upereke amuna a mtengatenga. Ndipo midzi inkapereka yani? Inkapereka akamwini ndi obwera. Sindikunena kuti atsibweni analoza chala, chifukwa sindinaone. Ndikungonena kuti iwo anatsala, bambo anapita.

M'mawa wa ulendo anakulunga kamphasa kawo, anatenga mpeni, chikho ndi nsalu yawo ina. Ndizo zonse zimene anali nazo. Asananyamuke anazungulira kuseri, naima pamaso pa mtengo, manja ali kumbuyo. Masau anali atayamba, obiriwira, aang'ono ngati nandolo. Tsiku limenelo sanalankhule ndi nkhuku, analankhula ndi ine.

"Akafiira usawakwapule ndi ndodo, mwananga, umapweteka maso a panthambi ophukira chaka chamawa. Ugwedeze pang'ono, akugwa okhawo ndiwo akupsa. Oyamba uwaumitse, undisungire."

Anafiiradi m'chisanu, ofiira ngati aja a m'dengu. Tinawayanika pamphasa mpaka anachita makwinya, ine ndikuthamangitsa nkhuku. Amayi anawathira mumtsuko, natseka pakamwa pake ndi phale, namata ndi dothi. Ngakhale limodzi sitinalawe. Chisanu china chinafika, tinadzaza mtsuko wina, koma woyamba uja unakhala chimatire pakona.

Kenaka amuna anayamba kubwerera, mmodzimmodzi, owonda, mapazi otupa, ena akutsokomola. Amayi ankapita kulikonse kumene amva kuti kwafika munthu. Pomaliza anabwera yekha bambo wina wa mudzi wa kumtunda, amene anali mumzere umodzi ndi bambo anga. Anakhala pansi. Anati bambo anagwidwa ndi kamwazi panjira, kutali, dziko la mapiri ozizira limene iye sankadziwa dzina lake. Atalephera kuimirira, katundu wawo anapatsidwa wina, iwo n'kugonekedwa pambali pa njira ndi chikho cha madzi. Mzere unapitirira. Pobwerera sanadzere njira imeneyo.

"Anawaika ndani?" anafunsa amayi.

Munthu uja anangoyang'ana pansi.

Apa ndipo pamene panali vuto, adzukulu anga. Munthu akafa timamuika, timalira, timameta, wamasiye n'kumasulidwa, mzimu n'kudziwa pogona. Bambo analibe manda. Kwawo kunalibenso mudzi woti n'kuwalira. Amayi sanali mkazi wa munthu, sanalinso wamasiye. Sakanameta, sakanalira maliro poyera. Anayamba kuwonda. Ankapita kudimba n'kukaima ndi khasu m'manja, maso ali kunjira. Ndikawapatsa chakudya ankati, "Idya iwe. Bambo ako akadali panjira."

Amayi akuluakulu a m'mudzi anakhala pansi ndi atsibweni. Anati njira ilipo, yomwe timachita munthu akatengedwa ndi ng'ona. Timakulunga m'mphasa chinthu chake, n'kuchiika m'manda monga thupi, mzimu n'kutsatira chinthu chakecho, n'kugona. Koma chiyenera kukhala chakechake, osati chobwereka, chifukwa mzimu sutsatira chinthu cha mwini.

Anayamba kufunafuna. Khasu linali la atsibweni, ndiwo anawapatsa pobwera. Mwadiya unali wa atsibweni. Miono imene analuka inali itaolera m'madzi kalekale. Nyumba inali ya amayi, poti pachikamwini nyumba ndi ya mkazi ngakhale wamanga ndi mwamuna. Mpeni, chikho ndi nsalu anapita nazo. Munthu anakhala pamudzi pano zaka zonsezo, nalima, nadyetsa anthu nsomba, koma pofuna chinthu choti n'kunena kuti ichi ndi chake, panalibe.

"Anabwera manja ali zii, wapita manja ali zii," anatero atsibweni. Sananene mwankhanza, anangonena. "Tiika chiyani?"

Ine ndinayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi. Tonse awiri tinkadziwa kuti chinthu chilipo, chili kuseri kwa nyumba, ndipo nthawi imeneyo chinali chitalemedwa ndi masau oyamba kufiira. Akanena, nkhwangwa. Akapanda kunena, bambo akhala chigonere pambali pa njira. Masiku amenewo amayi ankapita kuseri n'kukhala patsinde, osachita kanthu. Ine sanandifunse maganizo, ndipo ndikuthokoza kuti sanandifunse, chifukwa ndikadati mtengo ukhale. Ndinali mwana, ndipo mtengowo ndinauthirira ndine.

M'mawa wina ndinawapeza akugogoda dothi la pakamwa pa mtsuko woyamba uja. Anati, "Tenga mtondo." Ndinasinja mmene anandiphunzitsira, iwo anafikisa, anasefa, anaphika. Kenaka anandituma kukaitana atsibweni ndi amayi akuluakulu aja. Onse atakhala, anawagawira phala m'zikho.

Atsibweni anamwa, nanyambita milomo. "Masau a mbuzi yanga awa. Imadziwa kusankha mbewu."

Palibe anaseka, poti amayi anali atagwada kale.

"Achimwene, mbuzi siidzimangirira yokha pachikhomo. Ndinaimanga ndine. Ndinaipatsa ndine masau a apongozi anga. Mtengo uwo ndi wa bambo a mwana uyu. Sanaukhudzepo, koma ndi wawo. Alibe china."

Atsibweni anaika chikho pansi pang'onopang'ono.

"Ukukumbuka chimene ndinanena?"

"Ndikukumbuka."

"Ukudziwa kuti tikaika, tiika thunthu, osati kanthambi ngati tikunamiza mwana?"

"Ndikudziwa."

"Iwe mlongo wanga, umayesa ine chitsiru? Ndinadziwa tsiku lomwe lija. Ndinangofuna kuti zisatuluke pakamwa. Ukadakhala chete, ukadadya masau mpaka mano kutha."

"Ndikadawadya ndi pakamwa pati," anatero amayi, "mwini wake ali padzuwa?"

Atsibweni anayang'ana m'chikho. Kenaka anachitola, namaliza phala lonse, nanyamuka kukatenga nkhwangwa.

Anadula okha, sanalole mnyamata aliyense kuwathandiza. Nkhwangwa ikagunda, masau ankayoyoka ngati matalala, mpaka pansi ponse panafiira. Ine ndinawerama kuti nditole, amayi anandigwira dzanja nati, "Lero ayi." Anadula pamsinkhu wa bondo. Mtengo utagwa anasadza nthambi, minga ikuwang'amba manja, magazi akutsika m'zala, iwo osaima. Anasiya thunthu lotalika ngati munthu. Silinali lonenepa, mwana akanatha kulinyamula, koma analikulunga m'mphasa yatsopano, ndipo amuna analinyamula pamapewa monga amanyamulira maliro, akusinthana panjira. Pamenepo ndipo amayi analira. Analira kulira konse kumene anakusunga, amayi a m'mudzi n'kulandira, ngakhale aja ankawaseka bambo chifukwa cha lilime lawo.

Mkamwini akafa amabwezedwa kwawo, ndiwo mwambo. Bambo analibe kwawo, choncho anakumbiridwa kumanda kwathu, pafupi ndi makolo a amayi, mutu kulozetsa kutsidya. Asanakwirire, atsibweni ananjuta pamphepete pa dzenje naomba m'manja, monga bambo anawaombera iwo tsiku la njere lija.

"Alamu, mwayenda mokwanira. Mtengo wanu uwu, tavomera kuti ndi wanu. Bwerani mugone. Pano ndi panu."

Ndi mawu okhawo amene ananena. Tinameta, ine ndi amayi. Patapita masiku amayi anayamba kudya.

Tsopano kunatsala chitsa. Aliyense wa kuno amadziwa kuti msau sufa ndi nkhwangwa yokha. Ukafuna kuutha umaunjika nkhuni pachitsa n'kutentha mpaka moto ulowe m'mizu. Amayi sanafune kuti anthu adzati anapereka ndi dzanja limodzi, lina atabisa kumbuyo. Anakoka okha nthambi zija n'kuziunjika pachitsa, nakauza atsibweni kuti zonse zakonzeka, abwere ndi moto.

"Zikadali zaziwisi," anatero atsibweni.

Zitauma anapitanso.

"Ndi mphepo iyi? Ufuna nditenthe mudzi?"

Mphepo italeka, tinadzuka tsiku lina n'kupeza atsibweni akukoka nthambi zija kupita nazo kukhola. Anati afisi avuta, ndipo minga ya msau ndiyo yabwino kutchingira mbuzi. Chitsa chinatsala poyera, chotuwa, chong'ambika ndi dzuwa. Ine ndinkachilambalala, sindinkafuna kuchiona.

Mvula yoyamba itagwa, amayi anandiitana kuseri. M'mbali mwa chitsa munali mutatuluka timphukira tofiirira, tambiri, tofewa, minga yake isanalimbe. Amayi sanasekerere. Anati, "Kaitane atsibweni ako. Sindibisanso kanthu."

Anabwera ndi ndodo yawo, naima pamalo omwe anaima kale paja.

"Wabzala ndani?"

"Palibe," anatero amayi.

"Ndiye ukundiitanira chiyani? Ine ndili ndi ntchito."

Anatembenuka n'kumapita. Kaya anachita dala kuyambira pa kudula pamsinkhu wa bondo, kaya mtima unawasintha pambuyo pake, sindidziwa. Sanatiuze, ifenso sitinawafunse. Timphukira tija ndi mathunthu amene mukuwaonawo. Sitinadulepo ngakhale kamodzi, n'chifukwa chake mtengowo uli ngati dzanja lotambasula zala.

Patapita zaka zochepa mvula inakana, mapira anapsa m'munda, anthu n'kumakumba nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, m'madambo, ena osabwerako chifukwa cha ng'ona. Msau suopa chilala. Chaka chimenecho unabereka, ndipo phala lake, la madzi ambiri ndi kaufa ka m'manja, linamwedwa ndi mbumba yonse, ana a atsibweni omwe. Pamenepo panalibenso wonena za mbuzi. Aliyense ankati masau a kwa alamu.

Mbuzi ija siinaone zimenezo. Atsibweni anaipha tsiku lometa, kuti anthu obwera pamaliro a mlamu wawo adye, koma iwo nyamayo sanailawe. Munthu wa mwadiya amene anabweretsa dengu sitinamuonenso, tinangomva kuti anasamukira ku madambo a kwa Nyachikadza. Bambo wa kumtunda uja, amene anatiuza za panjira, chifuwa chinamutenga mvula isanagwe kawiri. Atsibweni anakalamba mpaka maso anachita khungu, ndipo chisanu chikafika ankauza ana kuti awatsogolere kuseri kwathu, n'kukhala pamthunzi akuyamwa masau, njere n'kumasunga m'dzanja. Amayi anamasulidwa, anthu anabwera kudzawafunsira, koma anakana onse. Anamwalira ine nditabereka kale, ndipo agona pafupi ndi mphasa ija. Ine ndinakwatiwa pompano, ndi mwamuna wobweranso, agogo anu aamuna. Chaka chawo choyamba ndinawapeza ataima pansi pa msau, manja ali kumbuyo, akuopa kuthyola. Ndinawagwira dzanja n'kuliika panthambi, minga inawabaya, anatukwana m'chilankhulo cha kwawo.

Basi, bweretsani licherolo ndione mmene mwasankhira. Ndipo iwe uli ndi ndodoyo, kaitaye. Mtengo uwo sakwapula.